Mmene Tinaphwanyira 123,456,789 ku Maseya

Ana anga, mwakhala mukundikakamiza kuti ndilembe za ntchito yanga, poti masiku ano ndimangokhala pansi pa mtengo wa nimu n'kumakangana ndi mbuzi za eni. Za ubwana wanga ndidumpha, munazimva kale mpaka kutopa nazo. Ndiyambira pomwe anthu anayamba kunditchula kuti aphunzitsi a Zuze. Mutu uno ndi wa nambala imodzi yomwe ndinalimbana nayo miyezi isanu pamodzi ndi ana asukulu, ndipo ndikaikumbukira ndimaseka ndekha mpaka amayi anu kufunsa ngati mutu ukugwirabe.

1982: Marka

Ntchito ndinayambira ku Marka, kumapeto kwenikweni kwa dziko, komwe nkhuku ya kuno imakadya ku Mozambiki n'kubwerako madzulo. Ndinatsika sitima ndi sutikesi yamalata, mphasa, ndi kope limodzi lachikuto chofiira lomwe ndinkalisamala kuposa satifiketi. M'kopemo ndinakoperamo ndi dzanja langa, ndili ku koleji ya aphunzitsi, nambala zosagawika mazana asanu zoyambirira. Kwa inu amene masamu munawathawa, makamaka iwe Gilesi, nambala yosagawika ndi yomwe palibe ina ingaigawe popanda chotsala, kupatula 1 ndi iyo yomwe. Ndi monga 2, 3, 5, 7, 11, 13, kumapita choncho. M'mabuku amati pulayimu. Yomaliza m'kope langa inali 3,571. Palibe nzeru ina iliyonse yomwe ndinalekera pamenepo, tsamba la buku lomwe ndinkakopera ndi lomwe linathera pomwepo.

Sukulu yake inali ya pulayimale, makalasi awiri anjerwa, ena onse pansi pa mitengo. Choko chinkabwera bokosi limodzi pa teremu, ndipo ahedi ankalitsekera m'kabati n'kumatipatsa chimodzichimodzi ngati mankhwala. Chikatha tinkalembera chinangwa chouma. Chimalemba bwino ndithu, vuto lake ndi loti ukangotembenuka wina wadyako.

Kumeneko ndi komwe ndinakumana ndi amayi anu, Luwiza. Kwawo kunali makina osokera, ndipo tsiku limenelo anabwera kudzayeza ana mayunifolomu. Sukulu iwo anaphunzira kutsidya kwa malire. Anaima pazenera tepi ili m'khosi, n'kumayang'ana samu yogawa yomwe ndinkalemba pa bolodi, kenaka anaseka. Ana atatuluka ndinawafunsa chomwe chawaseketsa.

"Samu yanu mwaiyala mozondoka, aphunzitsi," anatero. "Kwathu nambala yogawira imakhala kumanja, yankho pansi pake."

"Kuno timayala chonchi, ndipo yankho limatuluka lomwelo."

"Nkhabe," anakana m'chiyankhulo cha kwawo, "yanuyo njochedwa."

Ndinawapatsa chinangwa, tinagawana bolodi pakati, ndinatchula samu. Ine ndili pa mzere wachiwiri, iwo anali atamaliza, akupukuta manja pa chitenje. Mwamuna wina akanakwiya. Ine ndinayamba kung'amba dala matumba a malaya anga kuti ndizipeza chonenera kwa telala, ndipo patapita zaka ziwiri tinakwatirana.

1987: Maseya

Chaka chimenechi anandisamutsira ku Maseya, ku sukulu ya ana omwe anakhoza Sitandade 8 koma sanasankhidwe kupita ku sekondale zogonera. Ankaphunzira za sekondale zomwezo, koma aphunzitsi ake tinali ife a pulayimale. Masamu anandipatsa ine chifukwa panalibe wina ankawafuna. Buku la masamu linali limodzi, langa, lopanda masamba khumi oyambirira. Kakyuleta tinkangoimva kuti ili ku maofesi a ku esiteti ya nzimbe.

Ahedi athu anali a Kamwendo, ochokera kumtunda kozizira, ndipo chigwa chathu sanachikhululukire mpaka tsiku lomwe anachoka. Ankayenda ndi thaulo paphewa, n'kumati dzuwa la kuno lili nawo chifukwa. Anali munthu wabwino mtima, wosasunga chakukhosi, koma ankakonda alendo ndi kuyamikiridwa. Mlendo akamabwera, miyala yonse ya m'mbali mwa njira inkapakidwa laimu, moti mbuzi ikanaima malo amodzi nayonso akanaipaka.

Iwowa ndiwo anandiuza za malo a ku koleji. Mphunzitsi wa pulayimale ngati ine akafuna kukhala wa sekondale weniweni ankayenera kukachita dipuloma, ndipo malo ake m'boma lathu ankabwera mwa apo ndi apo. Wosankha anali bwana woyang'anira sukulu, wa ku ofesi ya ku boma. "A Zuze," anatero a Kamwendo, "inu mungochita chinthu chooneka. Dzina lanu ndikalikankha ndine." Dipuloma inkatanthauza nyumba yamagetsi pa sukulu yogonera. Amayi anu anali atayamba kale kunena za makina osokera amagetsi, ndipo ine malowo ndinkawafuna moti ndinkawalota ndili maso.

1989: Febuluwale mpaka Juni

Tsiku lina ndinkaphunzitsa Fomu 2 kuphwanya nambala, ndiko kuigawagawa mpaka zitatsala nambala zosagawika zokhazokha, monga 12 ndi 2 × 2 × 3, ndipo 30 ndi 2 × 3 × 5. Ndinawauza kuti nambala iliyonse, ikule chotani, ngati si yosagawika ndiye kuti imaphwanyika choncho, ndipo zidutswa zake zimakhala zomwezo kaya waiphwanya ndani. Mtsikana wina dzina lake Estere, wa pakamwa posachedwa, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, mukuti iliyonse, koma tsiku ndi tsiku mumatipatsa tiana tokhatokha, 36, 48. Yayikulu mumaiopa?"

"Bwera ulembe yayikulu yomwe ukuifunayo."

Anabwera n'kungolemba manambala motsatana, 123,456,789. Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ine ndinawauza kuti aphatikize manambala ake onse, inakwana 45, ndiye tinadziwa kuti 3 aigawa kawiri. Tinagawa ndi 3, kenanso ndi 3, kunatsala 13,717,421. Tinayesanso 3, inakana. Tinayesa 7, 11, 13, belu linalira tili pa 17, zonse zikukana.

"Ndiye yatikanika?" anafunsa Estere.

"Siinatikanike. Tangoiyamba kumene."

Lamulo lake ndi losavuta. Umayesa kugawa ndi nambala zosagawika, imodzi imodzi. Ina ikaigawa popanda chotsala, waiphwanya. Koma suyesa mpaka kalekale. Ukafika pa nambala yomwe ukaichulukitsa ndi iyo yomwe ikupitirira nambala yako ija, umaleka, chifukwa kutsogolo kulibenso chatsopano, ndipo ukhoza kulengeza kuti nambala yako ndi yosagawika. Lamuloli ndinkalidziwa, ndinawaphunzitsanso ana. Koma nditatsegula kope langa lofiira n'kuona 3,571 kumapeto, ndinangoti mumtima, yayikulu chonchi ikwana. Sindinachulukitse, samu ya mphindi ziwiri zokha.

Ndinapempha matumba a simenti kwa amisiri omwe ankamanga tchalitchi. Amayi anu anawadula ndi sizasi tizidutswa mazana asanu, ine ndinalemba nambala imodzi ya m'kope lija pa kachidutswa kalikonse, tonse n'kutiponya m'chitini cha mkaka. Lachisanu lililonse piriyodi yomaliza tinkatuluka kupita pansi pa nimu. Ana ankakhala awiriawiri, kutola kachidutswa, kufulatirana, aliyense payekha n'kugawa 13,717,421 ndi nambala ya pa kachidutswako, akulemba pamchenga ndi kamtengo, poti makope anali osowa. Kuyankhula mnzako asanamalize kunali koletsedwa. Onse akamaliza ankayerekeza chotsala. Chikafanana, onse awiri ankasaina kuseri kwa kapepala, mmodzi n'kuimirira kutchula nambala ndi chotsala chake, kalasi yonse n'kuyankha pamodzi kuti, "Yakana!" Chikasiyana, ankafufuta ndi phazi n'kuyambiranso.

Sindinaonepo ana akukonda masamu ngati miyezi imeneyo. Nambala yotsala ija, 13,717,421, anaipatsa dzina loti Mvuu, ati chifukwa ikungoonetsa mphuno, thupi lonse lili m'madzi. Ana a Fomu 1 ankathawa m'kalasi kudzaonerera. Azimayi ogulitsa masau pa geti nawonso anaphunzira kuyankha "Yakana!" osadziwa n'komwe chomwe chakana. Ana omwe mu Januwale ankalira ndi samu yogawa ndi 12, pofika Meyi ankagawa ndi 2,003 akucheza. Mmodzi yekha ndiye zinkamuvutabe, Jofilisi, wamkulu m'kalasi monse, wandevu kale, yemwe m'mawa ankayamba wapita ku munda wa thonje wa amalume ake. Samu iliyonse ankaibwereza katatu, ndipo chotsala chikasiyana ndi cha mnzake sankatsutsa, ankangoti, "Wolakwa ndine," n'kuyamba kufufuta. Onsewa ankadikira chinthu chimodzi, tsiku lomwe samu idzathere pa ziro kuti adzakuwe kuti yalola. Anali atapekeratu ndi nyimbo yake yomwe.

Chakumapeto kwa Juni chitini chinatha. Kachidutswa komaliza kanakana ngati anzake onse. Ndinakwera pamwala n'kulengeza kuti Mvuu ndi nambala yosagawika, ndipo ife a ku Maseya tatsimikiza ndi manja athu. Ana anaomba m'manja, koma mofooka, ngati anthu omwe afika ku ukwati nyama itatha. Amene anasangalala zenizeni ndi a Kamwendo. "Chooneka chija ndi chimenechi!" anatero. Anaitana wopenta zikwangwani, yemwe analemba pa khoma la ofesi ndi utoto wabuluu, manambala aatali ngati mkono: 123,456,789 = 3 × 3 × 13,717,421. Analemberanso kalata bwana wa ku boma uja kuti adzakhale mlendo pa tsiku la makolo, Lachitatu lina la mu Julayi, ndipo bwanayo anavomera.

1989: Julayi

Lamlungu lomwe Lachitatu lake kunali mwambo, titabwera ku tchalitchi, ndinakhala pakhonde n'kumayeserera zomwe ndikalankhule. Amayi anu ankasoka kolala ya malaya omwe ndimati ndikavale. Nditafika pa mawu oti tinayesa nambala zonse zoyenera, iwo anadula ulusi ndi mano.

"Mwayesera pyonsene, bambo a Gilesi?"

"Zonse. Mazana asanu. Mapepala ake munadula nokha."

"Ndinadula mazana asanu chifukwa munati mazana asanu. Yomaliza ndi iti?"

"3,571."

"Paja mumati munthu amalekera pati?"

Ndinawauza lamulo lija monyada, ngati ndikuphunzitsa mwana. Iwo anatenga pensulo yawo n'kuchulukitsa 3,571 ndi 3,571 pa chikuto cha kope langa lofiira lomwelo, n'kundipatsa. Yankho linali 12,752,041. Mvuu inali 13,717,421. Sitinafike. Ndinayang'ananso manambala awiriwo. Poyenera kulekera panali cha m'ma 3,700, ndipo pakati pamenepa panali nambala zomwe palibe mwana ndi mmodzi yemwe anazikhudza.

"Zatsala zochepa," ndinatero. "Mazana asanu akana, izi zingalole bwanji?"

"Zochepazo ndiye tiziyese. Chatha ndi kope lanu, manambala sanathe."

Tinalibe mndandanda wa nambala zosagawika zopitirira pamenepo, ndiye tinangolemba zonse zomwe 2, 3 ndi 5 sangazigawe, n'kumalandirana, yoyamba iwo, yachiwiri ine. 3,577 inakana. 3,581 inakana. Zinakana choncho zingapo, mtima wanga n'kuyamba kukhala pansi. Kenaka ndinamva pensulo yawo yaikidwa pa mphasa. Iwo anali pa 3,607. Sanakuwe. Anangoti "Takhuta," ndiye zikomo wa kwawo, chapansipansi, ngati munthu wolandira madzi akumwa, n'kutembenuzira pepala kwa ine. Yankho 3,803, chotsala ziro.

Ndikuuzeni zoona, choyamba chomwe ndinamva chinali chimwemwe. Ndinalumpha, ndinavina pakhonde, ndinawanyamula amayi anu singano ili m'manja. Mvuu yatuluka m'madzi! Nambala ya Estere ija inali 3 × 3 × 3,607 × 3,803, ndipo ziwiri zazikuluzo ndi zosagawika, poti chikanakhalapo chozigawa ana akanachipeza kale m'chitini. Kenaka ndinakumbukira khoma la ofesi ndi bwana wa Lachitatu, ndinakhala pansi.

Lolemba m'mawa ndinalowa mu ofesi ya a Kamwendo ndi pepala lija. Anawerenga kawiri, anapukuta khosi ndi thaulo, anatseka chitseko.

"Akudziwa ndani?"

"Ine ndi akunyumba."

"Ndiye palibe akudziwa. A Zuze, tamverani. Zomwe zili pakhomapo si zabodza. Mukachulukitsa zikukwana, si choncho?"

"Zikukwana, koma sitinamalize. Ndipo ana ndinawauza kuti ndi yosagawika."

"Bwana akubwerawa ankaphunzitsa mbiri yakale. Nambala imeneyi sangaiwerenge n'komwe mpaka kumapeto. Mukalankhule Lachitatu monga tinakonzera, dzina lanu lipite, teremu ya mawa mudzakonze mwakachetechete. Mukakaima pamaso pawo n'kunena kuti munalakwitsa, ine ndikankha chiyani? Ganizirani akunyumba."

Sankanena zopusa, ndipo ankanena chifukwa chondifunira zabwino. Masiku awiri ndinayenda nayo nkhaniyi pamtima. Nditawafunsa amayi anu kuti nditani, anangoti, "Ine ntchito yanga inali kugawa. Pakamwa ndi panu." Ndinayesa kudzinyengerera kuti kudikira miyezi iwiri si bodza, ndipo ndinatsala pang'ono kudzikhulupirira. Ndisadzikometsere, chomwe chinandigonjetsa sichinali chilungamo chachikulu ayi. Lachiwiri masana ndinapeza ana a Fomu 2 akuyeserera zoti akanene pamwambo, Estere akutchula kuti Mvuu ndi yosagawika ndi nkhope ya pamaliro. Ana amenewa anakanda mchenga miyezi isanu kufuna kuona ziro kamodzi kokha, ndipo ine ndinali nayo m'thumba la malaya. Ndinkadziwanso kuti ena mwa iwo teremu inayo sadzabweranso, ena ukwati, ena kukadula nzimbe. Ndinabwerera ku ofesi n'kuwauza a Kamwendo kuti ndikanena. Anangoti, "Mwadziphera nokha mwayi," n'kutembenukira kuzenera.

Lachitatu miyala inayera mbee ndi laimu. Makolo anadzaza pansi pa nimu, amayi anu ali kumbuyo pakati pa azimayi anzawo. Bwana anafika pa galimoto ya boma atavala suti yakuda, n'kukhala pa mpando wa khushoni womwe tinabwereka kwa abusa. Itakwana nthawi yanga ndinaima pafupi ndi khoma lija.

"Bwana, makolo, ndi inu ana anga a Fomu 2," ndinatero, "ndinakuuzani kuti ntchito yatha. Ndinalakwitsa. Chitini chinatha, koma ntchito siinathe, chifukwa ndinaikamo mapepala operewera. Palibe mwana walakwa, wolakwa ndine. Otsalawo ndi awa."

Ndinatulutsa chitini, muli tizidutswa tatsopano tokwanira kuti awiri alionse apeze kawo. Sindinanene kuti muli kachidutswa kolola. Ana anayang'anana. Kenaka Estere anathyola kamtengo, ena onse anatsatira, n'kugwada pamchenga ndi mayunifolomu awo ochapa bwino aja, pamaso pa bwana. Tsiku limenelo palibe ankafuna kukhala ndi Jofilisi kuopa kuchita manyazi pagulu, ndiye Estere anamukoka dzanja kuti akhale naye. Makolo anaimirira kusuzumira. Awiri oyamba anamaliza, mawu aja anamveka, "Yakana!" Poyamba anali ofooka, koma pofika kachitatu makolo analowerera. Ine ndinkazungulira ngati ndikungoyang'anira, pomwe ndikusaka komwe 3,607 yagwera. Ndinaiona ili m'manja mwa Jofilisi.

Estere anamaliza msanga. Ndinamuona akuuma thupi, atagwira pakamwa ndi manja onse awiri, poti lamulo linamuletsa kuyankhula. Estere kukhala chete chinali chozizwitsa pachokha. Kumbuyo kwake Jofilisi ankatsika pang'onopang'ono. Pa mzere woyamba anachotsera 10,821. Atafika pansi n'kutsitsa 1 womaliza, kunatulukanso 10,821. Anachotsera, anayang'ana, anafufuta ndi phazi, anayambiranso. Kachiwiri zinatuluka chimodzimodzi. Anakweza dzanja, nkhope ili pansi.

"Aphunzitsi, pepani, ndalakwitsa. Sikukutsala kanthu."

"Tamufunse mnzako watsala ndi chiyani."

Estere sanadikire kufunsidwa. "Yalola! Yalolaaa!" Zomwe zinachitika pamenepo sindingazilembe bwino. Ana anamunyamula Jofilisi m'mwamba, chimunthu chandevu chija, iye akulira ngati mwana. Nyimbo ija yomwe anaisunga miyezi isanu inatuluka, azimayi anaimba nthungululu, akuluakulu ena omwe sankadziwa ndi kulemba dzina lawo lomwe anayamba kuponda gule wa likhuba. Fumbi linakwera mpaka pa suti ya bwana. A Kamwendo ndinawaona akupukuta m'maso ndi thaulo, ngakhale pambuyo pake ankati linali fumbi. M'zaka zanga zonse za ntchito sindinasangalalepo ngati masana amenewo.

Bwana sanavine. Potsanzika anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ana anu ndi akhama, aphunzitsi. Koma mphunzitsi amayenera kutsimikiza asanalembe pakhoma." Sindikanatsutsa, ankanena zoona.

1990 mpaka lero: Lundu, kenaka kunyumba

Malo a ku koleji aja anapatsidwa mphunzitsi wa sukulu ina. Zinandiwawa, ndisaname, sabata yathunthu ndinkadya ngati wodwala. A Kamwendo anandikwiyira milungu iwiri yokha, yachitatu anali akuuza aliyense wodutsa pamsewu kuti nzeru yoyesa pagulu ija inali ya tonse awiri. Chaka chotsatira anandisamutsira kwa Lundu, komwe nyumba ya aphunzitsi inali yadothi ndipo madzi tinkatunga kutali. Kumeneko ndinakhalako nthawi yayitali, ndi ana abwino, ndipo nakonso ndinayambitsa chitini ndi nambala ina, koma ulendo uno ndinayamba ndachulukitsa. Dipuloma ndinakachita patapita zaka zisanu ndi chimodzi, imvi zitayamba. Magetsi analowa m'nyumba mwathu inu mutakula kale, ndipo zaka zonsezo amayi anu anapalasa makina amwendo mpaka mawondo kuyamba kuvuta.

Mwezi watha, ndikukonzekera kulemba mutu uno, ndinawafunsa funso lomwe ndinkaliopa zaka zonsezi. Anali pakhonde akusankha nyemba pa lichero.

"Amake Gilesi, mukanapanda kufunsa Lamlungu lija, bwenzi titalowa m'nyumba yamagetsi mukadali mtsikana. Simudandaula?"

"Magetsi? Nkhabe." Anapitiriza kusankha. "Chomwe ndinadandaula n'china. Munaima pamaso pa anthu onse aja n'kunena kuti wolakwa ndinu. Zinali bwino zimenezo. Ine ndili kumbuyo kuja ndinadikira kuti munenenso yemwe wapeza. Anamunyamula Jofilisi, ine ndinanyamula mwana n'kubwerera kunyumba kukaphika."

Zaka zoposa makumi atatu ndakhala ndikufotokoza nkhaniyi ngati ya kulimba mtima kwanga, osaona kuti tsiku lija ndinaulula theka lokha. Manyazi anandigwira kuposa omwe ndinamva pamaso pa bwana. Iwo poona nkhope yanga anaseka, n'kundigenda ndi nyemba yofumbwa.

"Musalire, akulu inu. Poti mukulemba, lembani basi."

Ndiye ndikulemba, ndipo adzukulu anga mukawawerengere mokweza. Cholakwa changa anachiona ndi amayi anu. Nambala 3,607, yomwe inaphwanya 13,717,421, anaipeza ndi Luwiza, telala wa ku Marka, Lamlungu masana pakhonde pathu ku Maseya, ndi pensulo yolembera miyeso ya madiresi. Ine nthawi imeneyo ndinali ndikulimbanabe ndi 3,601, yomwe inakana.